Insulini wokhalitsa m'thupi: mmene amathandizira ana ndi akulu odwala matenda a shuga

M'chaka cha 2021, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika insulini wokhalitsa m'thupi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo, wa akulu ndi wa ana womwe. Ganizoli linadza patatha zaka 100 chitulukireni insulini, ndipo linapereka mpata woti maunduna a za umoyo m'maiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa aganizire zogula mankhwala amene kwa nthawi yaitali akhala akupezeka makamaka m'zipatala zolipira. Funso limene odwala ndi makolo ambiri ali nalo ndi lakuti insuliniyu akusiyana bwanji ndi amene akhala akulandira, ndipo angathandize ndani.

Ntchito ya insulini m'thupi

Insulini ndi timadzi timene kapamba amatulutsa kuti shuga wochokera m'chakudya alowe m'minofu ndi kusanduka mphamvu. Kapamba wa munthu wabwinobwino amagwira ntchitoyi m'njira ziwiri. Munthu akadya, kapamba amatulutsa insulini wochuluka nthawi imodzi kuti athane ndi shuga wa m'chakudyacho. Nthawi zina zonse, usana ndi usiku, amatulutsa pang'onopang'ono mosalekeza, chifukwa chiwindi chimathira shuga m'magazi ngakhale munthu asanadye kanthu. Insulini wokhalitsa amalowa m'malo mwa ntchito yachiwiriyi.

Pa matenda a shuga a mtundu woyamba, amene kawirikawiri amayamba paubwana kapena paunyamata, kapamba amasiya kutulutsa insulini ndipo wodwala sangakhale moyo popanda jakisoni. Pa mtundu wachiwiri, umene uli wofala kwambiri pakati pa akulu, thupi limaleka kumvera insulini ndipo kapamba amafooka pang'onopang'ono. Odwala otere amayamba ndi mapiritsi monga metformin, koma ena a iwo amafunika insulini pakapita zaka. M'lipoti lake la 2021, bungwe la International Diabetes Federation linati akulu pafupifupi 24 miliyoni m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali ndi matenda a shuga, ndipo oposa theka la iwo sankadziwa kuti akudwala.

Kuchokera ku NPH kufika ku glargine

Munthu woyamba kuthandizidwa ndi insulini anali Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14 amene anabayidwa mumzinda wa Toronto ku Canada mu Januwale 1922. Insulini wa masiku amenewo ankatha mphamvu patangopita maola ochepa, motero odwala ankabayidwa kangapo pa tsiku. M'chaka cha 1936, Hans Christian Hagedorn wa ku Denmark anaonetsa kuti insulini wosakaniza ndi protamine, puloteni yochokera ku nsomba, amalowa m'magazi mochedwa. Ntchito yakeyo ndiyo inabala insulini wa NPH, amene anayamba kugulitsidwa mu 1950. Zipatala zambiri za boma m'chigawo chino zimadalirabe NPH, payekha kapena wosakaniza kale ndi insulini wogwira ntchito msanga.

NPH amaoneka mbuu ngati mkaka, ndipo botolo lake liyenera kugudubuzidwa m'manja asanamukoke. Mphamvu yake siyenda mofanana: imakwera kwambiri pakapita maola 4 mpaka 8, kenako imatsika n'kutha pakati pa maola 12 ndi 18. Pamenepa ndi pamene pagona vuto. Mwana akabayidwa cha m'ma 7 koloko madzulo n'kugona atadya pang'ono, mphamvu ya mankhwala imafika pachimake pakati pa usiku, nthawi imene aliyense m'nyumba ali mtulo. Shuga akatsika kwambiri, mwanayo amatuluka thukuta, kunjenjemera, ndipo akhoza kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Pofika m'mawa mankhwala amakhala akutha, ndiye shuga amakweranso.

Pofuna kuthetsa zimenezi, asayansi anasintha pang'ono kapangidwe ka insulini wa munthu. Glargine, amene analoledwa ku Ulaya ndi ku America m'chaka cha 2000, amaoneka ngati madzi, koma akalowa pansi pa khungu amaundana n'kukhala timibulu timene timasungunuka pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi 24. Detemir, wa mu 2004, amamatirira ku puloteni ya m'magazi yotchedwa albumin n'kumamasuka pang'onopang'ono. Degludec, amene analoledwa ku Ulaya mu 2013, amagwira ntchito kupitirira maola 42. Mu 2024 maiko a ku Ulaya analolezanso icodec, insulini wa akulu wobaya kamodzi pa sabata. Mitundu imene WHO inaika pa mndandanda wake mu 2021 ndi itatu yoyambayo.

Phindu lake likuonekera usiku

Kafukufuku woyerekeza mankhwalawa waonetsa kuti pa muyezo wa HbA1c, umene umasonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu, kusiyana kwa NPH ndi mitundu yatsopanoyi n'kochepa. Phindu looneka bwino la insulini wokhalitsa n'lakuti shuga satsika kawirikawiri usiku, chifukwa mphamvu yake imayenda mofanana popanda kukwera mwadzidzidzi. N'chifukwa chake malangizo a WHO a mu 2018 okhudza maiko a chuma chochepa anati akulu apitirize kugwiritsa ntchito insulini wa munthu monga NPH, ndipo wokhalitsa aganiziridwe kwa iwo amene shuga wawo amatsika moopsa kawirikawiri. Choncho wodwala amene zikumuyendera bwino pa NPH alibe chifukwa choganizira kuti akulandira mankhwala achabechabe.

Kwa ana

Mwana wodwala mtundu woyamba sangadalire insulini wokhalitsa yekha. Glargine kapena degludec sangathane ndi shuga wochokera mu nsima, mbatata kapena mpunga umene mwana wangodya kumene. Pa chakudya chilichonse chachikulu pamafunika insulini wogwira ntchito msanga, kotero kuti jakisoni amakhala pafupifupi anayi pa tsiku, pamene wa insulini wosakaniza kale amakhala awiri. Banja liyenera kudziwa zimenezi lisanasinthe.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti mankhwala amatsata chakudya. Mwana amene ali pa NPH kapena insulini wosakaniza kale ayenera kudya pa nthawi yake komanso mlingo wake, apo ayi shuga amatsika. Zimenezi n'zovuta m'mabanja amene chakudya chimasowa, makamaka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Pamene insulini wokhalitsa wapatulidwa ndi wa pa chakudya, kholo lophunzitsidwa bwino likhoza kuchepetsa wa pa chakudya nsima ikachepa, kapena kudikira chakudya chikachedwa.

Ku Ulaya, glargine ndi wololedwa kwa ana kuyambira zaka ziwiri, pamene detemir ndi degludec kuyambira chaka chimodzi. Mlingo umasintha mwana akamakula, ndipo umakwera kwambiri pa nthawi yotha msinkhu. Njira yodziwira mlingo woyenera ndi kuyeza shuga kangapo pa tsiku, zimene zimafuna kachipangizo koyezera ndi timapepala take.

Lamulo limene madokotala amalitsindika n'lakuti insulini wokhalitsa asasiyidwe ngakhale mwana akudwala malungo ndipo akukana kudya. Matenda amakweza shuga, ndipo thupi losowa insulini limayamba kuphwanya mafuta n'kudzaza magazi ndi asidi. Zizindikiro zake ndi ludzu lalikulu, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupweteka m'mimba ndi kupuma mozama mofulumira. Vutoli limapha, ndipo nthawi zina limasokonezedwa ndi malungo kapena chibayo. Mwana wotere apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa akulu

Akulu odwala mtundu woyamba amatsata njira yofanana ndi ya ana. Kwa odwala mtundu wachiwiri, insulini wokhalitsa kawirikawiri ndiye jakisoni woyamba pamene mapiritsi alephera kutsitsa shuga mokwanira. Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa, nthawi zambiri mayunitsi 10 kamodzi pa tsiku, wodwala akupitiriza kumwa metformin, kenako amawonjezera pang'onopang'ono potengera shuga woyezedwa m'mawa asanadye. Anthu ena amakana jakisoni poganiza kuti ndi chizindikiro chakuti imfa yayandikira. Zoona zake n'zakuti kuchedwetsa insulini kumapereka mpata woti shuga awononge maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi.

Insulini wokhalitsa nayenso akhoza kutsitsa shuga mopitirira, makamaka kwa okalamba, odwala impso, omwa mowa ndi osala kudya. Shuga akatsika pansi pa 3.9 pa muyezo wa mmol/L, kapena 70 pa muyezo wa mg/dL, wodwala amwe madzi osungunulamo masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga, ndipo ayezenso pakapita mphindi 15. Amene wakomoka asamwetsedwe kanthu, koma agonekedwe chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala. Aphunzitsi a mwana wodwala ayenera kudziwanso zimenezi.

Pali zina zofunika kusamala. Jakisoni abayidwe pa nthawi yofanana tsiku lililonse, pamimba, pantchafu, pamatako kapena pamkono, posinthasintha malo kuti khungu lisachite zotupa zimene zimasokoneza kalowedwe ka mankhwala. Glargine asasakanizidwe ndi insulini wina m'sirinji imodzi. Popeza amaoneka ngati madzi mofanana ndi insulini wogwira ntchito msanga, wodwala wozolowera kusiyanitsa mabotolo poona mtundu ayenera kuwerenga dzina nthawi zonse. Glargine alipo wa mayunitsi 100 ndi wa mayunitsi 300 pa mililita imodzi, ndipo wachiwiriyu sayenera kukokedwa m'peni yake ndi sirinji. Kusintha kuchoka pa NPH kukhale kolamulidwa ndi dokotala, chifukwa amene ankabaya NPH kawiri pa tsiku amayamba glargine ndi mlingo wocheperako.

Kasungidwe

Insulini wosatsegula amasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo amene waundana ndi kuzizira atayidwe. Glargine wa mayunitsi 100 akatsegulidwa amagwira ntchito masiku 28 ali kunja kwa firiji, pamalo posapitirira madigiri 30, pamene degludec amafika masiku 56. Kumene kulibe magetsi, mabanja amasunga insulini m'mitsuko yadothi yozizirira ndi madzi, pamthunzi. Kafukufuku wa bungwe la Médecins Sans Frontières ndi yunivesite ya Geneva, amene anafalitsidwa mu 2021 potengera kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, anapeza kuti insulini sanathe mphamvu kwa masabata anayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37.

Mtengo ndi kapezekedwe

Chopinga chachikulu ndi mtengo. Lipoti la WHO la mu 2021 linati makampani atatu, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ali ndi gawo loposa 90 peresenti la msika wa insulini pa dziko lonse, ndiponso kuti mitundu yatsopano ndi yodula kuposa insulini wa munthu, m'maiko ena mpaka katatu. Unduna umene ungagule glargine pa mtengo wokwera ukhoza kutsala ndi ndalama zochepa zogulira masirinji ndi timapepala toyezera. Chiyembekezo chili pa makampani ena, monga Biocon wa ku India, amene akupanga glargine wofanana ndi woyambayo.

Kudalira makampani ochepa kuli ndi zovuta zake. Mu 2024 odwala a m'zipatala za boma ku South Africa anabwerera ku mabotolo ndi masirinji pamene Novo Nordisk sinapitirize mgwirizano wopereka mapeni a insulini wa munthu. Komabe ntchito yopangira insulini mu Africa muno yayamba: mu 2023 kampani yomweyo inagwirizana ndi Aspen kuti insulini wa munthu azipangidwa mumzinda wa Gqeberha, ndipo kumapeto kwa 2024 kampani ya EVA Pharma ya ku Egypt inatulutsa glargine wopangidwa mogwirizana ndi Eli Lilly.

Kukula kwa vutoli kunaonekera mu kafukufuku wa David Beran ndi John Yudkin wa mu 2005, amene anayerekeza kuti mwana wa kumudzi ku Mozambique wopezeka ndi mtundu woyamba ankakhala moyo osakwana chaka, pamene wamkulu wa m'tauni ku Zambia ankatha kukhala zaka 27. Chinasiyanitsa awiriwa chinali kupezeka kwa insulini, zoyezera ndi ogwira ntchito zachipatala odziwa matendawa. Mu Ogasiti 2022, pa msonkhano wa ku Lomé m'dziko la Togo, nduna za umoyo za mu Africa zinavomereza ndondomeko ya PEN-Plus yofikitsa chithandizo cha matenda ngati amenewa m'zipatala za m'maboma, monga zinayambira ku Rwanda ndi ku Neno m'dziko la Malawi.

M'chaka chomwecho, maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030 aliyense wodwala mtundu woyamba azipeza insulini ndi zoyezera shuga pa mtengo woti angathe. Insulini wokhalitsa akhoza kuthandiza mwana kugona usiku popanda ngozi, komanso wamkulu kuyamba jakisoni mosavuta, pokhapokha ngati akupezeka mwezi ndi mwezi pamodzi ndi insulini wa pa chakudya, timapepala toyezera ndi namwino wophunzitsa banja kagwiritsidwe ntchito kake.