Atsikana Athu Akukonzekera Msasa: Tiwaleke Awerengere Okha

Loweruka lapitali ndinapeza atsikana athu a gulu la masikauti atakhala pa kapinga kuseri kwa tchalitchi, kope lili m'manja, akutsutsana za ufa. Wina ankati ndowa imodzi ikwanira anthu 24 kuyambira Lachisanu madzulo kufikira Lamulungu masana. Mnzake ankati iyayi, munthu akagona panja njala imakula. Mayi wina wodziwa kuphikira maukwati ndi maliro anafuna kuwadulira nkhaniyo, koma mtsogoleri wao anawapempha mwaulemu kuti, "Amayi, alekeni apeze okha." Ine ndikuona kuti anachita bwino.

Ntchito imeneyi inayamba motero. Mu 1907 Robert Baden-Powell anatenga anyamata pafupifupi 20 kukagona m'mahema pa chilumba cha Brownsea ku England, nawagawa m'timagulu tinayi, kalikonse ndi mtsogoleri wake wochokera pakati pao. Mu 1909, pa msonkhano waukulu wa masikauti ku Crystal Palace mu London, kunatulukira atsikana amene anadzitcha okha masikauti. Chaka chotsatira, 1910, gulu la atsikana linakhazikitsidwa motsogozedwa ndi mlongo wake, Agnes. Choncho msasa si ulendo wokasangalala chabe. Ndi sukulu imene mwana amaphunziramo kuganiziratu za mawa, ndipo phunzirolo limayamba pomanga katundu. Mayi mukamulongedzera zonse mwana wanu, mwamulanda theka la msasa.

Tsono awerengere chiyani? Choyamba ndi kuzizira. Kuno ku Angónia tili pamwamba, ndipo mphepo ya Juni ndi Julayi yochokera ku phiri la Dómuè siseweretsa munthu. Chimene ambiri sadziwa nchakuti chisanu chimalowera pansi. Bulangete lofunda lokha silikwanira. Pafunika lona kapena mphasa, ndi chofunda china choyala. Kapulana ziwiri, juzi, tochi ndi neti ya udzudzu zisatsale.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndichedwepo pang'ono. Kolera ya mu 2023 inafika m'chigawo chathu cha Tete, ndipo sitinaiiwale. Madzi a mumtsinje angaoneke oyera ngati galasi, komabe awiritsidwe mpaka abwate, kapena athiridwe Certeza monga mwa malangizo a pabotolo. Chimbudzi chikumbidwe tsiku lofika, dzuwa lisanalowe, kumunsi kwa msasa ndiponso mamita osachepera 30 kuchokera pamene akutunga madzi, sopo ali pomwepo. Mtsikana aliyense adziwe kukonza madzi a wotsekula m'mimba: lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Chidziwitso chimenechi adzabwera nacho kumudzi, ndipo tsiku lina chidzapulumutsa mng'ono wake.

Komabe pali zina zimene sitingasenzetse ana. Bambo wina anandiuza maso ndi maso kuti, "Abusa, mwana wamkazi sagona kutchire." Sindinawaseke, pakuti mantha ao ali ndi maziko. Yankho lake si kukangana, koma dongosolo looneka. Amfumu a malowo apemphedwe kale, ndipo atsogoleri akaone malo masana ulendo usanafike. Amayi aakulu osachepera awiri agone pamsasapo, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale mbusa amene, asalowe m'hema la atsikana. Kholo lililonse lilembe kalata yovomereza, litchulemo ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku. Pakhale foni yodzaza moto, ndipo njira ya ku chipatala chapafupi idziwike. Amayiwo alankhulenso ndi atsikana paokha za masiku a kumwezi, nasunge zofunika, kuti wina asatsale kunyumba chifukwa cha manyazi.

Za moto nzachidule: apalire udzu mozungulira mafuwa, ndowa ya madzi ikhale pafupi, ndipo makala asaloŵe m'hema ngakhale kuzizire motani, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo.

Bambo aja atamva zonsezi anati akufuna kukaona malowo okha, ndipo apita ndi atsogoleri Lachitatu. Atsikana nao anabwereka chiyeso kwa mayi wogulitsa ufa pamsika, nawerenga nsima kanayi ndi phala kawiri. Ndowa imodzi ija yasanduka ziwiri ndi theka, ndipo tsopano akutsutsana za amene asenze.