Katemera wa Galu Amateteza Mwana Wanu

M'midzi yathu yambiri khomo lopanda galu ndi losowa. Galu ndiye mlonda wa usiku, ndiye amapirikitsa anyani ndi nguluwe m'munda wa chimanga, ndiyenso amatsogolera anyamata popita ku uzimba. Masana amagona pakhonde kapena pansi pa nkhokwe, ndipo amene amasewera naye kwambiri ndi ana. Komabe pa ziweto zonse za pakhomo, galu ndiye amene timamuiwala. Ng'ombe timapita nazo kudibi, nkhuku timazipatsa katemera wa chitopa, mbuzi timazimangira khola, koma galu timati adzionera yekha.

Kuiwala kumeneku kumapweteka ife eni ake, pakuti matenda ena a galu sathera pa galu pomwepo. Amalowa m'nyumba, ndipo kawirikawiri amayambira pa mwana. Oopsa koposa onse ndi matenda a chiwewe.

Chiwewe ndi chiyani?

Chiwewe chimayamba ndi kachirombo kakang'ono kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Galu wachiwewe akaluma munthu, kapena akanyambita pachironda, m'maso ngakhale m'kamwa, kachiromboko kamalowa m'thupi. Sikayenda m'magazi ngati tizirombo ta malungo ai. Kamatsata mitsempha pang'onopang'ono kufikira katafika mu ubongo. Ulendo umenewu umatenga miyezi iwiri kapena itatu kwa anthu ambiri, koma kwa ena umatenga sabata imodzi yokha, ndipo kwa ena umafika chaka chathunthu. Bala likakhala kumutu, kunkhope kapena m'khosi, ulendowo umafupika chifukwa ubongo uli pafupi. N'chifukwa chake mwana, amene nkhope yake iri pafupi ndi kamwa la galu, ali pangozi yoposa ya munthu wamkulu.

Pa nthawi yonseyi munthu amaoneka wabwinobwino. Bala limapola, ndipo banja limaiwala. Tsiku lina wolumidwa uja amayamba kutentha thupi, kumva mutu, ndi kumva kuyabwa kapena dzanzi pamene panali bala paja. Kenaka amasokonezeka maganizo, amatuluka dovu, ndipo akafuna kumwa madzi khosi limathina kotero kuti amayamba kuwaopa madziwo. Zizindikiro zimenezi zikangoyamba, palibe mankhwala a kuchipatala kapena a kwa sing'anga amene angachiritse munthuyo. Pafupifupi onse amamwalira.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuyerekeza kuti anthu okwana 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chirichonse, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo ndi a muno mu Africa ndi a ku Asia. Pa anthu 100 aliwonse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu. Pa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti ndi zachiwewe, anai amakhala ana osakwana zaka 15.

Zimene zinaoneka ku Blantyre

Pa kafukufuku amene madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre anafalitsa m'chaka cha 2007, anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anali ndi chiwewe. Atatu mwa anawa poyamba ankaganiziridwa kuti akudwala malungo a mu ubongo. Izi zikutiphunzitsa kuti chiwewe chimabisala, ndipo kholo likapita ndi mwana wodwala kuchipatala liyenera kunena ngati mwanayo analumidwapo ndi galu, ngakhale patapita miyezi yambiri.

M'chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linapereka katemera kwa agalu oposa 35,000 mumzinda womwewo m'masiku 20 okha. Agalu ena anabwera nawo eni ake ku malo oikika monga m'masukulu, ena anawatsatira khomo ndi khomo. Ntchitoyi inabwerezedwa m'zaka zotsatira, ndipo ana ogonekedwa ndi chiwewe pa chipatala chija anachepa kwambiri. Chimene chinapulumutsa anawo ndi jakisoni wobayidwa kwa agalu.

Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimazirala. Tingachifanizire ndi moto wa lupsa umene umazima ukafika pamene anthu analambula. Galu wachiwewe akaluma galu wa katemera, matendawo amathera pomwepo. Motero munthu amene wasiya galu wake kunyumba pa tsiku la katemera wasiya mpata woti moto uolokere kwa anzake.

Galu ayenera kulandira katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu, ndi kubwerezanso pamene alangizi a ziweto alengeza. Pa nthawi ya katemera wa mudzi wonse tengani ndi tiana tomwe, pamodzi ndi amphaka. Sungani bwino chiphaso chimene mwapatsidwa, pakuti chidzafunika galu wanu akadzaluma munthu. Ena amanena kuti katemera amafoola galu wosaka nyama, kapena kuti amamuletsa kuuwa. Zimenezi si zoona. Galu wopita kutchire ndiye afunika katemera koposa, chifukwa amakumana ndi nkhandwe, afisi ndi agalu ongoyendayenda.

Kuzindikira galu wachiwewe

Chizindikiro choyamba ndi kusintha kwa khalidwe. Galu wofatsa amayamba ukali wopanda chifukwa, ndipo nthawi zina galu waukali amafatsa modabwitsa. Wina amathawa pakhomo n'kumayenda mtunda wautali, akuluma chirichonse chimene wakumana nacho: anthu, ziweto, mitengo ngakhale miyala. Mau ake amasasa, ndipo dovu limangotuluka.

Koma si agalu onse achiwewe amene amalusa. Ena amangofooka, chibwano chimagwa, amalephera kumeza, kenaka miyendo imalumala. Mwini wake amaganiza kuti galuyo watsamwidwa ndi fupa, napisa dzanja m'kamwa mwake. Musachite zimenezi. Ng'ombe ndi mbuzi nazonso zimadwala chiwewe zikalumidwa. Ng'ombe yotere imalira kosalekeza ndi kutuluka dovu ngati yatsamwidwa. Musaipise dzanja m'kamwa, ndipo ikafa musaisende kapena kugawana nyama yake. Itanani mlangizi wa ziweto.

Mukalumidwa chitani izi

Choyamba, tsukani bala nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15. Sopo wochapira zovala ndi wokwanira. Thirani madziwo mosalekeza kuti malovu a galu achoke. Kutsuka kumeneku kumachotsa tizirombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Ngati sopo palibe, tsukanibe ndi madzi okha.

Chachiwiri, musapake pabala phulusa, dothi, tsabola, mankhwala a zitsamba kapena ubweya wootcha wa galu amene walumayo. Zonsezi sizipha kachirombo ka chiwewe, koma zimaonjezera matenda ena pabalapo, monga kafumbata. Musalimange balalo mothina.

Chachitatu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati kukanda kwa munga. Achipatala adzaona ngati mufunika katemera wa chiwewe wa anthu. Katemerayu saperekedwa kamodzi kokha: mumalandira tsiku loyambalo, kenaka pakapita masiku atatu, ndiponso pakapita masiku asanu ndi awiri, ndipo ena amauzidwa kubweranso kachinai. Malizani masiku onse amene mwalemberedwa, ngakhale bala litapola. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa ndi mwana wakhanda angathe kulandira katemerayu popanda choopsa. Ngati pa chipatala chaching'ono palibe, pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu cha boma lanu, ndipo musazengereze.

Chachinai, kanenani kwa mlangizi wa ziweto ndi kwa mfumu. Ngati galuyo ali ndi mwini wake ndipo angathe kugwidwa popanda ngozi, amangidwe kapena kutsekeredwa kwa masiku 10, akupatsidwa chakudya ndi madzi. Galu amene anali ndi kachirombo m'malovu pa tsiku limene analuma amadwala kapena kufa masiku amenewa asanathe. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 ali pakhomo. Ayambe katemera pamene galuyo akuyang'aniridwa. Galuyo akafa kapena akaphedwa, musamudule mutu nokha. Alangizi ndiwo adziwa kutenga ubongo wake ndi kuutumiza kokapimidwa.

Katemera wa anthu si wachilendo. Woyamba kupulumutsidwa naye anali mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene Louis Pasteur anamuthandiza ku France m'chaka cha 1885 atalumidwa ndi galu wachiwewe. Papita zaka zoposa 130 chichitikireni zimenezi, choncho sikoyenera kuti mwana afe lero chifukwa akulu anati balalo ndi laling'ono.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

Galu wosamalidwa amakhala pakhomo, ndipo galu wokhala pakhomo sakumana kawirikawiri ndi nyama zachiwewe. Chimene chimayendetsa galu ndi njala. Mpatseni chakudya tsiku lirilonse: mkute, phala la madeya, mitu ya usipa kapena matemba, ndi zotsala za ndiwo. Mafupa ophika a nkhuku ndi minga ya nsomba zazikulu zimabaya pakhosi ndi m'matumbo, ndipo anyezi wambiri amaononga magazi a galu. Muikireni madzi oyera m'mbale yakeyake pamthunzi. Asadyere m'mbale za anthu kapena kunyambita miphika.

Njoka za m'mimba zimavuta agalu ambiri, makamaka tiana. Kamwana ka galu kotupa mimba, koonda ndi kofwifwa ubweya kawirikawiri kali ndi njoka. Mazira a njokazi amatuluka m'chimbudzi cha galu nakhala m'dothi miyezi yambiri. Mwana wokwawa akadya dothi lotere, timphutsi take tingathe kuononga chiwindi kapena maso. Mtundu wina umaboola khungu la munthu woyenda kapena kukhala pansi ponyowa, n'kusiya mzere wokhotakhota woyabwa kwambiri. Tiana ta galu tiyambe kumwa mankhwala a njoka tikakwana masabata awiri, ndi kubwereza masabata awiri aliwonse kufikira miyezi itatu. Galu wamkulu amwe miyezi itatu iriyonse. Sesani chimbudzi cha galu ndi kuchikwirira kapena kuchitaya m'chimbudzi chokumba. Mukapha mbuzi kapena ng'ombe, musaponyere galu chiwindi kapena mapapo aawisi okhala ndi matuza a madzi, pakuti m'menemo ndimo mumachokera njoka zina zimene zimadzabwerera kwa anthu. Ana asambe m'manja ndi sopo akatha kusewera ndi galu, asanadye.

Nkhupakupa zimabisala m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Kuwonjezera pa kuyamwa magazi, zimapatsa galu matenda otentha thupi amene amayeretsa nkhama ndi kufiiritsa mkodzo. Galu wotere afunika jakisoni wa kwa dokotala wa ziweto mwamsanga. Nthata nazo zimaswana pamalo pamene galu amagona, choncho sesanipo kawirikawiri ndi kuyanika chiguduli chake padzuwa. Nthawi ya mvula yang'anani tizithupsa tokhala ndi mphutsi pakhungu la tiana. Posambitsa galu gwiritsani mankhwala okhawo amene mlangizi wakuuzani, pa muyezo umene wanena. Mankhwala opopera thonje, fodya kapena chimanga cha m'nkhokwe amapha galu, ndipo angapweteke mwana amene amugwira.

Galu wothothoka ubweya ndi wodzikandakanda angakhale ndi mphere kapena zipere, ndipo matenda awiriwa angathe kupatsira anthu. Musamupake oilo wakale wa galimoto. Matendawa ali ndi mankhwala ake. Kamwana ka galu kakayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, kapatuleni kwa anzake ndi kufuna thandizo tsiku lomwelo, chifukwa matenda amenewa amapha msanga. Katemera wake alipo, ndipo amayamba kamwanako kakakwana masabata 6 mpaka 8. Musapatse galu mankhwala a anthu ochepetsa ululu monga Panado kapena Brufen, pakuti angamuonongere chiwindi, impso ndi chifu.

Galu wamkazi angathe kuswa kawiri pachaka. Tiana tosowa wotisamala ndito timasanduka agalu ongoyendayenda opanda katemera. Funsani alangizi za kuthena agalu aamuna ndi kutseka aakazi. Galu wothena amalondabe pakhomo monga kale, koma amachepetsa kuyendayenda ndi ndewu. Sungani agalu okhawo amene mungathe kuwadyetsa.

Phunzitsani ana

Ana ambiri amabisa akalumidwa poopa kukwapulidwa. Auzeni kuti akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu ngakhale mphaka anene msanga, ndipo sadzalangidwa. Aphunzitseni kusagenda galu, kusamukoka mchira, ndi kusamuyandikira pamene akudya, akugona kapena akuyamwitsa. Galu wachilendo akawayandikira asathawe kapena kukuwa, koma aime chiriri ngati mtengo, manja ali m'mbali, osamuyang'ana m'maso. Akagwetsedwa adzipinde ndi kuphimba nkhope ndi khosi.

Pa 28 September chaka chirichonse, maiko amakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Zimenezi zidzatheka pokhapokha mudzi uliwonse utachitapo mbali yake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo galu wanu akadwala sadzasankha woti amulume. Funsani mlangizi wa ziweto wa kwanu tsiku limene katemera adzafike, uzani anansi anu, ndipo tsikulo likakwana tengani chingwe mupite naye galu wanu.