Mwana wogwa khunyu sanalodzedwe, abale

Inu amene mumayeza mpunga pa mbale mu msika wa Mzuzu kapena Lilongwe, dzina la Limphasa si lachilendo kwa inu. Ndi dambo lija la ku Nkhata Bay, njira yopita ku Chintheche, komwe kuli sikimu ya mpunga. Koma pamene madzi akhalitsa, udzudzu sulephera. Ndipo malungo amene udzudzu umabweretsa akalowa mu ubongo wa mwana, nkhani yake sithera pa tsiku lotuluka m'chipatala.

Zimayamba chonchi. Mwana watentha thupi masiku awiri, kenaka wayamba kuphupha, wakomoka. Amuthamangitsira ku chipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay, wachira, mudzi wonse wapuma. Patapita miyezi, mwana uja akusewera pabwalo wangoti khu! pansi, thovu kukamwa. Apa ndiye pamabuka mlandu. Ati ndi agogo ake. Ati bambo ake akukhwimira bwato kuti usipa uzichuluka. Mayi wa geni naye sasiyidwa, ati wapereka mwana kuti malonda aziyenda.

Zoona zake madotolo anazifufuza konkuno ku Malawi. Mu 1986 a Terrie Taylor ndi a Malcolm Molyneux anayambitsa ntchito yofufuza malungo a ana pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Mu 2010 gulu lotsogozedwa ndi a Gretchen Birbeck linatulutsa zomwe linapeza litatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo. Ana 12 anayamba kugwa khunyu, ndipo pafupifupi mwana m'modzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi vuto lina, kaya khunyu, kufooka ziwalo kapena kusintha khalidwe. Mwana amene anali wofatsa nkuyamba ndewu ndi kusakhazikika, anthu nkumati wapulupudza. Si mwano umenewo, ndi chipsera chomwe matenda anasiya mu ubongo.

Malungo si okhawo. Kubadwa movutikira ndi matenda oumitsa khosi nazonso zimavulaza ubongo wa mwana.

Nkhani yabwino ndi iyi: khunyu lili ndi mankhwala. Bungwe la WHO likuti mwa anthu khumi odwala khunyu, asanu ndi awiri angathe kusiya kugwa ngati akumwa mankhwala oyenera. Phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate ndiwo amene madotolo amalemba. Koma ndi omwa tsiku ndi tsiku, mwina zaka. Kusiya lero chifukwa mwana watha mwezi osagwa nkuputa ngozi. Woletsa ndi dotolo basi.

Nanga mwana akagwa pamaso panu mutani? Musathawe ayi. Khunyu silipatsirana, kaya m'malovu kaya akaphwisa, zimenezo n'zongokamba. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni cham'mbali, pansi pa mutu ikani chitenje. Osamuika supuni kapena chala mkamwa, osamumwetsa kanthu. Zikapitirira mphindi 5, kapena ngati thupi latentha, thamangani naye kuchipatala. Kunyanja, mwana wotere asakasambe kapena kukwera bwato yekha, ndipo pa mbaula akhale patali. Zipsera zamoto zimene mumaziona pa ana amenewa zimabwera choncho.

Amene wasenza mtolo wonse ndi mayi. Sangapite kumunda momasuka, sangakhale pa benchi tsiku lonse, ndipo ya minibasi yokatengera mankhwala imadya mpamba. Ena mpaka banja limatha. Ku Mzuzu a St John of God amathandiza ana a mavuto otere pamodzi ndi makolo awo, koma kuchokera ku Limphasa ndi ulendo wofuna ndalama.

Apa mpamene ife a pamsika tingaonetse umunthu. Mnzathu akapita ndi mwana kuchipatala, timugulitsireko tomato wake. Pa chipereganyu timuganizire. Kwa makasitomala tisamunong'oneze. Ndipo mwanayo apite kusukulu ngati anzake, aphunzitsi angouzidwa chochita akagwa.

Kupewanso kulipo. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019. Funsani kusikelo. Masikito ndi wogonamo mwana, si wowezera usipa kapena kutchingira dimba. Ndipo thupi la mwana likatentha, tsekani geni, pitani tsiku lomwelo. Phindu la tsiku limodzi mudzalipezanso mawa, koma ubongo wa mwana sagulitsa pa msika uliwonse.