Kusonkhanitsa ndi kujambula tizilombo m'mapiri a Dedza

Kusonkhanitsa ndi kujambula tizilombo ndi ntchito imene anthu ena amaichita mwa kukonda kwawo, popanda wowalipira. Tizilombo timene tikunenedwa pano ndi ta miyendo 6, monga agulugufe, ziwala, ngumbi, njuchi, atombolombo ndi nyenje. Mapiri a Dedza, m'chigawo chapakati cha Malawi, ndi oyenera ntchitoyi chifukwa pa dera laling'ono pali nkhalango zamitundu yosiyanasiyana.

Malo ndi nyengo

Tawuni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo phiri la Dedza ndi lokwera mamita 2,198. M'derali muli nkhalango zachilengedwe za mombo ndi misuku, minda ya paini wobzala, komanso tinkhalango tobiriwira chaka chonse pafupi ndi nsonga ya phiri. Chakum'mawa dziko limatsetsereka mpaka ku Golomoti ndi Mtakataka, kumene kumatentha. Mitundu ya tizilombo imasintha malinga ndi mitengo komanso kuzizira kwa malo. Tambiri timaoneka m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi timachepa.

Njira zake

Agulugufe amagwidwa masana ndi ukonde wopepuka. Touluka usiku timakopedwa ndi nyali yowalitsa pa nsalu yoyera. Kachilombo kakafa amakabaya ndi pini, n'kukaumitsa, n'kukasunga m'bokosi lotsekeka bwino kuopa chinyezi ndi nyerere. Pansi pake pamakhala kapepala kosonyeza malo, tsiku ndi dzina la amene anakagwira. Kachilombo kopanda kapepalaka n'kokongola chabe, sikathandiza ofufuza.

Masiku ano ambiri amangojambula ndi foni, osapha kanthu. Nthawi yabwino ndi m'mamawa, tizilombo tisanatenthedwe ndi dzuwa, chifukwa sitithawa msanga. Zithunzi zimaikidwa pa intaneti, pa masamba monga iNaturalist, pomwe akatswiri amathandiza kutchula dzina. Komabe mitundu ina imafanana kwambiri moti chithunzi chokha sichikwanira kuisiyanitsa.

Mbiri m'Malawi

Mu 1965, bungwe la Society of Malawi linasindikiza buku la David Gifford lotchedwa A List of the Butterflies of Malawi, lomwe ndi mndandanda wa agulugufe a m'dziko muno. Brian Morris, wa ku England, amene anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo asanakhale mphunzitsi wa pa yunivesite ku London, anatulutsa buku la Insects and Human Life mu 2004. Bukuli limafotokoza mmene Amalawi amatchulira, kudyera ndi kulimbana ndi tizilombo. Limasonyeza kuti anthu akumudzi, amene amatola mphalabungu ndi kutchera ngumbi pachulu, amadziwa bwino mtengo ndi mwezi umene kachilombo kalikonse kamapezeka.

Kufunika kwake

Nkhalango za Dedza ndi Chongoni zikuchepa chifukwa cha kuotcha makala, kudula mitengo ndi moto wolusa. Mtengo ukatha, mbozi zimene zimadya masamba ake zimasowanso, ndipo mabanja amataya ndiwo. Zolemba za malo ndi tsiku ndizo zimasonyeza mitundu imene inalipo kale ndi imene yasowa.

Zimathandizanso kuzindikira msanga tizilombo tachilendo toononga. Nsabwe ya m'mitengo yotchedwa Cinara cupressi inaoneka m'Malawi mu 1986, ndipo inaumitsa mitengo yambiri ya mkungudza muno ndi m'mayiko oyandikana nawo. Mu Disembala 2017, boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi zachilendo zoononga chimanga.

Malamulo

Phiri la Dedza ndi Chongoni ndi nkhalango zotetezedwa pansi pa lamulo la zankhalango la 1997. Wofuna kugwiramo tizilombo ayenera kupempha chilolezo ku nthambi ya zankhalango, ndipo kutumiza tizilombo kunja kwa dziko kumafunanso chilolezo cha boma.