Tiyi, Shuga ndi Mwazi Wathu

M'miyezi ya June ndi July ku Mpanshya kumazizira m'mamawa, ndipo m'nyumba zambiri ketulo imakhala pamoto dzuwa lisanakwere. Tiyi amene timamwayo ndi masamba a kamtengo kobiriwira. Kuno ku Zambia amalima tiyi ku Kawambwa, ndipo ku Malawi amalima wambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje. Anthu ena amati tiyi ndi mankhwala osungunula mafuta m'thupi ndi kuciza matenda a shuga. Kodi mau amenewa ngoona?

Poyamba tidziwe za mwazi. Tikadya nsima, mbatata kapena buledi, cakudyaco cimasanduka shuga m'matumbo. Shugayo amalowa m'mwazi natipatsa mphamvu ya kuyenda, kulima ndi kuphunzira. M'mimba mwathu muli ciwalo cochedwa kapamba, cimene cimatulutsa insulini. Nchito ya insulini ndiyo kucotsa shuga m'mwazi ndi kumulowetsa m'minofu. Insulini akacepa, kapena thupi likaleka kumumvera, shuga amaunjikana m'mwazi. Munthu wotere amamva ludzu kawirikawiri, amakodza pafupipafupi, ndipo zilonda zace sizipola msanga. Amenewa ndiwo matenda a shuga.

Mwazi umanyamulanso mafuta, ndipo ena mwa mafutawo dzina lao ndi kolesiterolo. Thupi limawafuna, koma akacuruka amamatirira m'kati mwa mitsempha, monga momwe matope amatsekera ngalande ya kudimba. Pamenepo mwazi suyenda bwino. Munthu angadwale mtima, kapena kufa ziwalo mwadzidzidzi.

Nanga tiyi amacitapo ciani? Akatswiri a zaumoyo apima anthu ambiri akumwa tiyi m'maiko osiyanasiyana. Apeza kuti masamba a tiyi amacepetsako mafuta oipa m'mwazi, makamaka tiyi wobiriwira amene amakondedwa ku China ndi ku Japan. Koma amacepetsa pang'ono cabe. Kunena za shuga wa m'mwazi, thandizo lace ndi locepa kwambiri. Cotero tiyi saciza matenda a shuga ai, ndipo wodwala sayenera kusiya mankhwala a kucipatala ndi kudalira tiyi.

Coopsa cili m'zimene timathira m'kapu. Tiyeni ticite masamu. Supuni yaing'ono imodzi imatenga magalamu 4 a shuga. Munthu akathira masupuni 3 m'kapu, namwa makapu 3 pa tsiku, wadya masupuni 9. Pakutha mwezi masupuniwo akwana 270, ndiko kunena kilogalamu yathunthu ndi kupitirirapo! M'caka ca 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni 12 a shuga pa tsiku, ndipo kuti 6 ndiwo abwino koposa. Powerenga tiphatikizenso shuga wa m'maswiti, m'zitumbuwa ndi m'zakumwa za m'mabotolo. Shuga wotsala, amene thupi silinamugwiritse nchito, ciwindi cimamusandutsa mafuta. Munthu amanenepa, ndipo kunenepa kwambiri kumaitana matenda a shuga.

Ana inu, tiyi mungamwe ndithu, koma werengani masupuni. Yambani ndi kucepetsa supuni imodzi. Pakapita masabata ocepa lilime lidzazolowera. Idyani ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso, ndipo limbitsani thupi ndi nchito ndi masewera. Ngati kwanu kuli wamkulu amene amadandaula za ludzu losatha, mupempheni mwaulemu apite ku cipatala ca St Luke's. Kadontho kamodzi ka mwazi wa pacala nkokwanira kupima shuga.

MAFUNSO

1. Kodi nchito ya insulini ndi yotani?
2. Chulani zizindikiro zitatu za matenda a shuga.
3. Munthu akathira masupuni 2 m'kapu, namwa makapu 2 pa tsiku, adzadya masupuni angati pa sabata?