Kodi mumadziwa? Lupanga lalitali la ku Ulaya silinali lolemera

Lupanga lalitali limene ankhondo a ku Ulaya ankagwira ndi manja awiri, makamaka m'zaka za m'ma 1300 mpaka 1500, silinkalemera monga mmene mafilimu amaonetsera. Malupanga ambiri ankalemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi makilogalamu awiri, ngakhale kuti m'litali ankaposa mita imodzi. Pomenyana, luso ndi changu zinkaposa mphamvu.

Zinthu zinkavuta mdani akavala zachitsulo thupi lonse, chifukwa kumutema kunali kungotaya nthawi. Zikatero wankhondo ankasiya dzanja limodzi pachogwirira, linalo n'kugwira pakati pa lupangalo kuti alilunjikitse bwino ngati mkondo waufupi. Ankabaya m'mipata ya zovalazo: m'khwapa, m'chikhatho kapena pakabowo koonera ka pachisoti. Nthawi zina ankalitembenuza, n'kugwira mbali yakuthwayo ndi manja onse awiri, kenako n'kumenya mdani m'mutu ndi chitsulo chopingasa cha kuchogwirira. Buku la Hans Talhoffer la mu 1467 lili ndi zithunzi za kamenyedwe kameneka.

Lusoli linali ndi aphunzitsi ake. Johannes Liechtenauer wa ku Germany ankaika malangizo ake m'ndakatulo zophiphiritsa, kuti ophunzira ake aloweze koma anthu wamba asatolepo kanthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, Fiore dei Liberi wa ku Italy analemba buku lophunzitsanso kugwetsana ndiponso kulanda mdani chida. Masiku ano magulu otchedwa HEMA amawerenga mabuku akalewa n'kumayeserera zimene zinalembedwamo.