Sukulu ya pakhonde ku Machinjiri, belu lake ndi chivundikiro cha poto

Mukadzadutsa ku Machinjiri mumzinda wa Blantyre cha m'ma 7 koloko m'mawa n'kumva chitsulo chikulira kuseri kwa mpanda wina, musadzati kwagwa zovuta kapena achipani akuitanira anthu kumsonkhano. Ameneyo ndi mlamu wanga, akumenya chivundikiro cha poto ndi supuni pouza ana ake kuti sukulu yayamba. Sukuluyo ili pakhonde pa nyumba yawo ya lendi. Ilibe dzina, ilibe yunifolomu, ilibe ahedi, ndipo mphunzitsi wake ndi yemweyo amene masana amavundula nsima.

Ndiulule msanga kuti ine ndidali mmodzi mwa oseka. Koma papita zaka tsopano belu la potolo likulirabe, ndiye ndati abale mumveko momwe zimayendera, zokoma ndi zowawa zomwe, poti ndikumva kuti alipo ena m'tauni muno amene akulingalira zomwezi.

Zidayamba ndi Covid-19. Boma litatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020, mwana wawo wachisamba, msungwana wa zaka 7, adali Sitandade 2 ndipo pamayeso a teremu yoyamba adakhala nambala 6. Pakhomo padali chimwemwe, mpaka achimwene adagula Fanta. Mlamu nthawi imeneyo ankagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, kuchoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye m'kope la mwana ankangoona zochonga zofiira basi.

Unduna wa Zamaphunziro utayamba kuulutsa maphunziro pa wailesi ya MBC, mlamu, amene malonda ake adali atazilala, adayamba kukhala pamphasa ndi mwanayo n'kumamvera limodzi. Tsiku lina adamupatsa buku la Chichewa kuti awerenge. Mwana adawerenga tsamba lonse osapunthwa. Kenaka mai ake adatola kamtengo n'kulemba pansi mawu atatu a patsamba lomwelo, koma mosinthanitsa. Mwana kuti zii. Kuyang'ana pansi, kuyang'ana mai ake, misozi mbwee. Buku lonse adali ataliloweza ngati nyimbo ya kwaya, koma kulumikiza "ma" ndi "dzi" kuti atulutse "madzi" sankatha.

Aphunzitsi ake sitingawanene. M'kalasi mwa mwanayo mudali ana opitirira 100, pamene boma lenilenilo limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Vutoli ndi lakale. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha, ndipo chiyambire pamenepo makalasi ndi aphunzitsi sadakwanirepo. Nanga mphunzitsi woima kutsogolo kwa khamu lotere, onse akamayankha pamodzi mokweza, angadziwe bwanji kuti uyo wakhala pakona uyo akungotsatira pakamwa pa anzake?

Sukulu zitatsegulidwa, makalasi a mayeso pa 7 Seputembala ndipo enawo pa 12 Okutobala, msungwanayo adabwerera akuwerenga ndithu, olo zolembedwa papaketi ya shuga. Mu Januwale 2021 matenda adakulanso, sukulu n'kutsekedwanso, ndipo zitati zitsegulidwe aphunzitsi adanyanyala ntchito pofuna ndalama za ukadziotche. Apa mlamu adati basi, mwanayu sabwereranso. Benchi yake ya ku Limbe adaisiyira mng'ono wake.

Amai athu atamva kumudzi ku Thyolo sadalembe kalata, adakwera minibasi. Atangopuma pang'ono adayamba: "Apongozi, ine ndidagulitsa mbuzi kuti amuna anuwa aphunzire. Lero sukulu ndi yaulere, inu mukusunga ana pakhomo ngati anapiye?" Mlamu adagwada n'kuyankha motsitsa mawu: "Amai, mubwere pa Khirisimasi mudzawayese nokha. Akalephera mudzawatenge." Pa Khirisimasi amai adabweradi. Adatulutsa Buku Lopatulika lawo, n'kutsegula pakati penipeni, kwa aneneri uko kumene mwana wa Sande sukulu sangaloweze, n'kumuloza mdzukulu ndi chala. Mwana adawerenga ndime zisanu. Amai sadanene kanthu. Adangofunsa ngati tiyi wapsa.

Tsiku la pasukuluyi limayenda chonchi. Belu likalira ana amasesa khonde, kuyala mphasa n'kuimika bolodi, lomwe ndi chitseko chakale chopaka penti wakuda. Amayamba ndi Chichewa ndi Chingerezi mitu ikadali yozizira, kenaka masamu, ndipo pofika 11 koloko za pabolodi zatha. Anthu amadabwa kuti maola anai okha, koma kumbukirani kuti pano palibe kuitana maina a ana 100, palibe kudikira choko, palibe kuleretsa ndewu ya ana olimbirana pokhala. Mlamu ali ndi satifiketi ya Fomu 4 koma sadapiteko ku koleji ya zauphunzitsi, choncho sayenda m'mutu mwake. Amatsata mabuku a boma omwe amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amabwereka kwa mai wina wa kutchalitchi, mphunzitsi wopuma pantchito. Mai ameneyu amabwera Loweruka lina lililonse kudzaona makope, ndipo sanyengerera. Ndidawamvapo ndekha akumuuza mlamu kuti njira yake yophunzitsira masamu ogawa ndi yosokoneza ana, ayambirenso.

Gawo limene ine limandisangalatsa limayamba bolodi likalowa m'nyumba. Chisiyire kaunjika, mlamu amakazinga mandasi ndi zitumbuwa zogulitsa pageti, ndipo kukhitchiniko ndi kumene kuli masamu enieni. Ufa wa kilogalamu imodzi watulutsa mandasi angati? Tikachotsa ndalama ya ufa, mafuta, shuga ndi makala, yatsala yathu ndi zingati? Wogula akapereka K1,000 abwezeredwe zingati? Mwana akalakwitsa pabolodi amangofufuta, koma akalakwitsa chenji pageti ndiye kuti ndiwo zamadzulo zachepa, ndipo izi amazidziwa onse. Za theka ndi kota adaziphunzira pa chigumu: kuchidula pawiri, kenaka panai, kenaka pasanu ndi patatu, ndipo mwana amene ankavutika pakope kumvetsa kuti 1/4 ndi wamkulu kuposa 1/8 adamvetsa tsiku lomwelo atapatsidwa kachidutswa kakang'onoko. Nyemba amazinyika usiku kuti zisadye makala ambiri, ndipo mnyamata wachiwiri akhoza kukufotokozerani chifukwa chake zimafufuma. Yemweyo ndi amene tsiku lina adathira soda m'chigumu ndi supuni yaikulu m'malo mwa yaing'ono. Chidatuluka chachikasu, chowawa, mpaka galu adangochinunkhiza n'kuchokapo.

Galuyo dzina lake ndi Adzatopa. Amene mudakulira kumudzi mwamva kale kuti dzinalo likupita kwa anansi amene ankanong'onezana pampopi kuti mai uja wapenga. Adzatopa sajomba. Belu likalira amabwera kudzagona pansi pa bolodi, ndipo mzime, kamnyamata kamanyazi kosafuna kuwerenga pamaso pa anthu, kadayamba kuwerenga mokweza powerengera galuyo, poti iye saseka munthu akalakwitsa. Chodabwitsa n'chakuti tsiku loyamba limene kamnyamatako kadaponda pabwalo la sukulu ya boma kadali kataperekeza Adzatopa kukabaitsa katemera wa chiwewe, uja waulere amene a Mission Rabies adayamba kupereka mu Blantyre mu 2015.

Nkhuku nazo zili pa silabasi. Thadzi litayamba kufungatira mazira 12, ana ankadula tsiku lililonse pakalendala, ndipo pa tsiku la 21 adakhala chete kukhola ngati ali m'tchalitchi kudikira kuti aone ngati buku la sayansi limanena zoona. Adaswa 9. Khwangwala adatenga awiri sabata yomweyo, ndipo samu yochotsera ya tsiku limenelo idalembedwa ndi misozi. Mbira zokha ndi zimene zidachotsedwa sukulu. Zidatuluka m'kabokosi kake usiku n'kudya masamba angapo a buku lobwereka la Sitandade 4, mlamu n'kuchita kukapepesa atanyamula nkhuku.

Achimwene, amene poyamba ankachita manyazi anzawo kuntchito akafunsa kuti ana amaphunzira kuti, adalimbako mtima atamva kuti zimenezi si zachilendo kunjaku. Ku America n'zololedwa m'zigawo zonse 50 kuyambira 1993. Ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 limalola, bola kholo likalembetse mwanayo ku ofesi ya zamaphunziro ya m'chigawo chake. Koma ku Germany n'zoletsedwa ndipo makolo amalipitsidwa chindapusa. Kuno kwathu lamulo la zamaphunziro la 2013 limati maphunziro a pulaimale ndi okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Nditamukumbutsa mlamu zimenezi adandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, nanga pakhonde pano mukuona ngati tikusewera bawo?"

Zabwino zidaonekeradi. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsanso sukulu kuchigawo cha kummwera. Pakhonde paja belu silidasiye. Anansi omwe aja a pampopi adayamba kutumiza ana awo, mpaka tsiku lina ndidawerenga mitu 11 pamphasa ziwiri. Sukulu za boma zitatsegulidwa mlamu adawabweza onse, ati safuna kumveka kuti watsegula sukulu yopanda chilolezo.

Tsono amene mukuti muyese, mverani mbali inayi. Sukulu ya pakhonde ilibe fizi koma si yaulere. Imadya munthu mmodzi wathunthu. Ndalama ya mandasi siifika olo theka la imene kaunjika ankabweretsa, ndipo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a achimwene okha adayamba kutha mwezi usadafike pakati. Ndidamva mawu akukwera m'nyumba muja kangapo, ndipo nkhani yake idali yomweyi. Mphunzitsi ameneyu alibe tchuthi, alibe womugwirira. Atadwala malungo sukulu idatsekedwa masabata awiri, ana n'kumangothamangitsana ndi galu. Ndipo mwana akachita mwano m'kalasi m'mawa, mkwiyo umafika mpaka pambale ya nsima madzulo, poti wolakwiridwayo ndi yemwenso akugawa ndiwo. Mabanja amene bambo ndi mai onse ayenera kutuluka kuti pamoto pakhale poto, ndipo ndiwo ambiri m'tauni muno, izi sangazithe, ndipo asadzione ngati sakonda ana awo.

Chipupa chenicheni ndi Sitandade 8. Mwana wa m'Malawi kuti asankhidwe kupita ku sekondale ya boma ayenera kulemba mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB, ndipo maina a olemba amadzera kusukulu, osati pakhonde pa munthu. Mapepala ake alipo 6, ndipo kupatula la Chichewa, onse amafunsidwa m'Chingerezi: masamu, sayansi, za chikhalidwe ndi chipembedzo, zaluso ndi za moyo. Mlamu adavomera yekha kuti atafika pa mabuku a Sitandade 6 ankachita kukhala usiku ndi tochi kuphunzira zimene aphunzitse m'mawa, ndipo zina za sayansi ankangowerengera mwana osazimvetsa bwino iye mwini. Achimwene adati mwana asataye mwai wa sekondale chifukwa cha ife kufuna kuonetsa anansi. Ulendo uno mlamu sadatsutse.

Mu Seputembala 2024 msungwana uja adavala yunifolomu n'kukalowa Sitandade 7. Ahedi adayamba amuyesa, ndipo pa kuwerenga ndi masamu sadapeze pomugwira. Zidamuvuta ndi zimene palibe adaziganizira. Sankatha kukopera zapabolodi msanga aphunzitsi asadafufute, poti kwawo bolodi linkamudikira. Pamayeso oyamba adasiya mafunso ambiri osayankha chifukwa sadazolowere kulemba nthawi ikuwerengedwa. Ankadzutsa dzanja n'kufunsa funso lililonse limene lamubwerera, anzake n'kumamutcha dzina loti Loya. Sabata yachiwiri adabwera kunyumba akulira kuti amubera cholembera, mai ake n'kumuuza kuti chimenecho ndiye sakadatha kumuphunzitsa pakhonde. Pofika teremu yachiwiri adali atapeza anzake, atalowa timu ya netibolo, ndipo cholembera adayamba kuchisunga m'sokosi.

Anyamata awiri aja akadali pakhonde. Achimwene akufuna wachiwiriyo apite akamayamba Sitandade 5, pamene Chingerezi chimachuluka, kuti asadzavutike ngati mlongo wake. Mlamu akuti adikire chaka china. Mng'ono wake wa ku Limbe uja watumiza uthenga kawiri kuti akupita ku Joni, ndiye ngati benchi ija sabwera kudzaitenga aigulitsa kwa wina. Nditapitako Lachiwiri lapitali ndidapeza uthengawo usadayankhidwe. Mlamu adali pa mbaula akutembenuza mandasi, mzime akuwerengera Adzatopa nkhani ya kalulu, ndipo wachiwiriyo adali pageti akukangana ndi bambo wina wa kabaza amene amati chenji chake chaperewera K50. Adawerengetsa kawiri. Wa kabazayo ndi amene adalakwitsa.